Siponji, golovesi kapena nsalu: chotsukira galimoto chiti chimene sichiwononga penti?

Imikani galimoto yakuda padzuwa la masana, muyang'ane pa boneti pamene kuwala kwagwera. Mudzaona timizere ting'onoting'ono titazungulira kuwalako. Tambiri mwa timizereti sitinabwere ndi minga ya m'njira kapena ana osewera pafupi, tinabwera pa tsiku lotsuka. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva tiliponso, kungoti mtunduwo umatibisa, mwini wake n'kumangodabwa kuti penti sakuwalanso ngati kale.

Penti wa magalimoto amakono ali ndi magawo atatu: woyambira amene amagwira chitsulo, wamtundu, ndi chikuto chowala chopanda mtundu chimene amisiri openta amachitcha clear. Zonse pamodzi nthawi zambiri zimakhala pakati pa ma micron 100 ndi 150, ndipo chikuto cha pamwamba chokhacho chimakhala ma micron 35 mpaka 50. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kutanthauza kuti tsitsi limodzi la munthu likhoza kuchiposa chikutochi kunenepa. Chikutochi n'chofewa, pamene mchenga wambiri ndi mwala wa quartz umene umakala ngakhale galasi. Fumbi lofiira la m'misewu yadothi, lija limakuta galimoto kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, lili ndi timiyala tomweti. Kamchenga kamodzi kakapanikizika pakati pa chotsukira ndi penti, n'kukokedwa kuchoka kutsogolo kwa boneti mpaka ku galasi, kamasiya mzere njira yonseyo.

Choncho posankha chotsukira musangochikhudza n'kunena kuti n'chofewa. Siponji yatsopano ndi yofewa, golovesi nayonso ndi yofewa. Zofunika kudziwa ndi ziwiri: chikatola mchenga chimausunga pati, ndipo mukachiviika m'madzi chimautaya kapena chimaukakamira.

Siponji

Siponji yaikulu yachikasu ya fomu ndiyo imapezeka paliponse, ndipo pa malo ambiri otsukira magalimoto m'malo mwake mumapeza chidutswa cha matiresi akale. Ubwino wake ndi wosabisika. Ndi yotsika mtengo, imamwa madzi a sopo ambiri n'kuwatulutsa mukaifinya, imagwirika bwino m'manja, ndipo mukhoza kuidula ndi mpeni kuti ilowe m'mipata ya marimu.

Vuto lili pa nkhope yake. Nkhope ya siponji ndi yafulati, penti nayenso ndi wafulati, ndiye mchenga ukalowa pakati ulibe kothawira. Timabowo ta fomu ndi tating'ono. Fumbi losalala limalowamo, koma mchenga wokulirapo umangokhala theka mkati theka kunja, nsonga yake ili pa penti. Dzanja likamakanikiza kuti litsiro lichoke, mphamvu yonse imagwera pa timiyala timeneti, siponji n'kusanduka sandipepa. Mchenga umene walowa m'timabowo nawo sutuluka wonse poviika. Mukafinya siponji pa chitseko chachiwiri kuti thovu lituluke, mchenga wa pa chitseko choyamba umatulukira limodzi ndi thovulo. Fomu wa matiresi akale amawonjezera vuto lina: amanyenyeka, ndipo amakhala atamwa kale fumbi la zaka zambiri asanakhudze n'komwe galimoto.

Pali masiponji ena amene sayenera kuyandikira penti ngakhale pang'ono. Siponji yotsukira mbale ya mbali yobiriwira ili ndi timiyala tokhulira tomatidwa dala mu ulusi wake. Imachotsa chitosi cha mbalame kapena phula la msewu mwachangu, inde, koma imasiya chigamba chothimbirira chimene chimafuna makina opolishira, mwinanso penti watsopano. Chinkhupule chosambira nachonso n'cholimba kwambiri pa ntchitoyi. Siponji yokutidwa ndi ukonde, imene amagulitsa kuti ndi yochotsera tizilombo tophwanyikira kutsogolo, ntchito yake ndi pa galasi lakutsogolo basi. Pa bampala yopentedwa ndi pa nyali, zimene masiku ano ndi za pulasitiki, imasiya timizere.

Siponji imene ili ndi malo ake pa penti ndi yodulidwa nkhope. Ena amaigula yodulidwa kale, ena amadula okha ndi mpeni wakuthwa kapena lezala: mizere yopingasana, yotalikirana masentimita 1.5 mpaka 2, yozama chimodzimodzi, kuti nkhope yonse ikhale timabokosi toima patokha. Mipatayo imapatsa mchenga kolowera, ndipo timabokosito timapindika motsata thupi la galimoto mmalo mokanikiza paliponse mofanana. Siponji yotere imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi mankhwala otsukira osafuna kutsukuluza, monga Optimum No Rinse, amene amathiridwa mamililita pafupifupi 30 m'malita 8 a madzi. Mankhwalawa amakuta litsiro n'kulimiza pansi pa ndowa. Njirayi ndi ya galimoto ya fumbi lochepa. Galimoto yochokera m'matope a Januwale siyambira pamenepo.

Golovesi

Golovesi yotsukira, imene pa paketi amalemba kuti wash mitt, ndi thumba lovala kudzanja lokhala ndi ulusi kapena ubweya wautali kunja kwake. Kutalika kwa ulusiwo ndiye nkhani yonse. Mchenga ukatoledwa umakankhidwira m'kati mwa ulusi, kutali ndi penti, ndipo chimene chimatsetsereka pa galimoto ndi nsonga zofewa zonyowa ndi sopo. Sikuti palibe mchenga umene umatsalira pamwamba, koma ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pa siponji, ndipo dzanja siliupanikiza molunjika.

Magolovesi ambiri ndi a microfibre, ulusi wosakaniza polyester ndi polyamide, kawirikawiri magawo 80 kwa 20 kapena 70 kwa 30. Ulusi umodzi ndi wa ma micron 10 kapena kucheperapo, ndipo popanga amaung'amba m'litali kuti ukhale ndi timipata togwira litsiro. Wa 70 kwa 30 umakhala wofewerapo ndiponso umamwa madzi ambiri, n'chifukwa chake umakwererapo mtengo.

Mwa magolovesi a microfibre, wofala kwambiri ndi wa tizingwe tonenepa tolendewera, totalika masentimita 2 kapena 3, amene amatchedwa chenille. Pa galimoto ya fumbi lambiri, ameneyu ndiye woyamba kumuganizira. Pakati pa tizingwe pali mipata ikuluikulu yosungira mchenga, amamwa madzi a sopo ochuluka, ndipo mukamugwedeza m'ndowa yotsukuluzira tizingwe timatseguka, mchenga n'kugwa. Chofooka chake n'chakuti sakhudza penti paliponse mofanana, choncho litsiro lamafuta lija limamatirira m'mbali mwa galimoto yoyenda m'tauni, lochokera ku utsi wa dizilo ndi madzi a pa phula, nthawi zina limafuna kudutsa kawiri. Pogula, tsegulani tizingwe ndi zala. Ngati nsalu ya pansi ikuoneka mosavuta, tizingweto n'tochepa, ndipo nsalu yolimbayo idzafika pa penti mukangokanikiza pang'ono. Ambiri otsika mtengo amakhala ndi ukonde kumbali ina. Mbali imeneyo isungireni galasi.

Wina ndi wa ubweya wa microfibre wothithikana, wopanda tizingwe. Ameneyu amakhudza penti paliponse, amachotsa litsiro lamafuta bwino kuposa chenille, ndipo amatsetsereka mosalala. Koma ulusi wake umagwira zinthu mwamphamvu, ndiye kumugwedeza kokha m'madzi sikukwanira, muyenera kumupesa ndi zala kapena kumukhula pa chosefera cha pansi pa ndowa. Amayenera galimoto imene imatsukidwa mlungu uliwonse ndipo imathiridwa bwino madzi musanaikhudze.

Golovesi ya chikopa cha nkhosa, ya ubweya weniweni, ndiyo yofewa kuposa zonse, ndipo ubweya wake wautali umameza mchenga bwino zedi. Anthu a magalimoto akuda a penti wofewa amaikonda pa chifukwa chimenechi. Koma ndi chikopa, ndipo chikopa sichigwirizana ndi kunyowa kenako n'kuuma padzuwa lotentha. Mukaisiya yonyowa m'ndowa imawola n'kununkha, ubweya n'kuyamba kusosoka. Mukaiyanika padzuwa imauma gwa, n'kung'ambika m'misoko. Sopo waufa amaipha msanga. Imafuna kutsukuluzidwa m'madzi ozizira, kufinyidwa osapotokola, kupesedwa ndi kuumitsidwa pamthunzi podutsa mphepo. Kwa munthu wosamala amene ali ndi galimoto imodzi yokondedwa, ndi yabwino. Pa malo otsukira magalimoto 10 kapena 20 pa tsiku, n'kutaya ndalama. Ilipo ya ubweya wopanga yofanana nayo maonekedwe, imene imapirira bwinoko ngakhale siifika pa kufewa kwake.

Palinso chotsukira chooneka ngati siponji koma chokutidwa ndi microfibre yemweyu, chokhala ndi fomu m'kati. Pa penti chimagwira ntchito ngati golovesi, chifukwa chokhudza galimoto ndi ulusi osati fomu. Chimatembenuzika msanga, ndipo amene sakonda kulowetsa dzanja m'thumba lolemera ndi madzi amachikonda. Kuipa kwake n'kwakuti chimapulumuka m'manja mosavuta, ndipo kugwa pansi ndi nkhani yaikulu.

Apa ndi pamene golovesi imagonja kwa siponji. Mphamvu yomwe ija yogwira litsiro imachititsa microfibre kugwira china chilichonse: njere za chisoso, udzu wouma, utuchi, tizitsotso, ngakhale tiziwaya ta pa garaja. Zikalowa mu ulusi sizioneka, ndipo madzi okha sazichotsa. Golovesi yoyanikidwa pa mpanda wa udzu kapena pa maluwa, kapena yogwera pansi n'kungoviikidwa kamodzi, imakala penti kuposa siponji yoyera. N'chifukwa chake ndi bwino kugula ya mtundu wowala, yoyera, yachikasu kapena yobiriwira mowala, kuti litsiro lizionekera, ndi kukhala ndi yachiwiri pafupi. Ikagwa pansi, ntchito yake ya tsikulo yatha mpaka itachapidwa ndi kuyang'anidwa ndi zala.

Musanagwiritse ntchito golovesi kapena nsalu yatsopano, dulani kachikwangwani ka fakitale kosokeredwa m'mbali, ichapeni kamodzi, kenako muiyese pa CD yakale, kumbali yowala yosakalika. Ikhuleni pang'ono ili yonyowa. Ikasiya timizere pa CD, musaikhulupirire pa penti wakuda.

Nsalu zambiri mmalo mwa chotsukira chimodzi

Njira yachitatu, imene siitchulidwa kawirikawiri koma ndi yothandiza kumene madzi ndi ogula kapena otunga kutali, ndi ya nsalu za microfibre zingapo. Mumaviika nsalu 6 mpaka 8 za masentimita 40 mbali zonse, za ubweya wokhuthala, m'ndowa imodzi ya sopo. Nsalu iliyonse mukaipinda kawiri imakupatsani nkhope 8. Mumatsuka gawo laling'ono ndi nkhope imodzi, n'kutembenuza, ndipo nkhope zonse zikatha nsaluyo imapita m'beseni la zochapa, osabwereranso m'ndowa. Madzi a sopo amakhala oyera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndowa yotsukuluzira siifunika. Mtengo wake ndi wogula nsaluzo ndi ntchito yozichapa pambuyo pake. Ulusi wake ndi waufupi kuposa wa golovesi, choncho kuthira madzi koyamba kuyenera kukhala kokwanira.

Izi n'zosiyana ndi masanza. Malaya akale ndi nsalu zopukutira zotchedwa mutton cloth ndi zafulati ngati siponji, komanso sizimwa madzi a sopo okwanira. Malaya ali ndi misoko ya ulusi wolimba, zolemba zomata, nthawi zina batani loiwalika. Ntchito yawo ndi m'mphepete mwa zitseko, mu injini ndi popukuta m'manja. Burashi yachigwiriro chachitali ndi ya malole, mabasi ndi kumbuyo kwa pikapu. Pa galimoto yaing'ono imasiya mizere italiitali yoonekera patali.

Katsukidwe kamene kamapangitsa chotsukira kugwira ntchito

Golovesi yabwino yoikidwa pa galimoto youma ya fumbi imawononga pentiyo ndithu. Mchenga wambiri uyenera kuchoka ndi madzi okha chotsukira chisanafike. Kuthira ndowa imodzi mokhuthula sikuchita zambiri, chifukwa madzi amangodutsa pamwamba pa fumbi. Chofunika ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera kudenga kutsika, mpaka otsika m'munsi asiye kufiira. Payipi ya kumpopi imatulutsa malita 10 mpaka 15 pa mphindi, makina opopera mwamphamvu a panyumba malita 6 mpaka 8, ndipo amachotsa matope bwino kwambiri malinga mukaima masentimita 30 kapena kuposa kuchoka pa penti, ndi mlomo womwaza madzi osati wolasa pamodzi. Kumene kulibe mpopi, kheni yothirira mbewu imathandiza, koma yoposa ndi sipuleya yoberekera ya malita 16 imene sinalowemo mankhwala a m'munda. Thiranimo shampu pang'ono, poperani galimoto yonse, dikirani mphindi 3 mpaka 5 osalola kuti iume, kenako tsukuluzani. Matope a m'munsi amafewa n'kugwa okha.

Zonsezi zichitike pamthunzi, m'mawa kapena madzulo. Ikani chikhatho pa boneti. Ngati simungachisunge pamenepo, penti watentha, sopo adzaumirapo musanatsukuluze, ndipo mudzayamba kukhula mabanga amene mwapanga nokha.

Ndowa zikhale ziwiri za malita 20, iliyonse yothiridwa malita pafupifupi 15: ina ya sopo, ina ya madzi okha. Golovesi ikachoka pa galimoto imayamba yalowa m'madzi okha, kugwedezedwa, kupesedwa ndi zala, kufinyidwa kunja kwa ndowa, kenako n'kulowa mu sopo. Pansi pa ndowa yotsukuluzira pamafunika chosefera cha pulasitiki chimene chimaletsa golovesi kufika pa mchenga wodikha. Chogula chimatchedwa grit guard, koma kabasiketi kapulasitiki kamabowo kovundikira pansi pa ndowa kamagwira ntchito yomweyo. Madzi akada moti pansi sipakuonekanso, atayeni muthire ena. Ndowa imodzi ya galimoto yonse, matayala ndi denga limodzi, ndiyo imene imawononga penti wambiri, kaya mwagwira siponji kapena golovesi.

Yambani ndi matayala ndi marimu, pogwiritsa ntchito ndowa yawoyawo ndi chotsukira chawochawo. Fumbi lakuda la pa marimu ndi tizitsulo tonyenyeka ku mabuleki, ndipo tikalowa mu golovesi ya penti sitituluka tonse. Apa siponji ndi burashi zili pamalo ake, ndipo kuyamba ndi matayala kumathandiza kuti madzi akuda othovukira pa thupi la galimoto achoke potsuka thupilo.

Kenako denga, magalasi, boneti, buti, ndi zitseko kuyambira pamwamba mpaka pakati. Tsukani gawo limodzi nthawi imodzi, theka ndi mbali imodzi ya golovesi, theka lina ndi mbali inayo, kenako kundowa. Yendetsani dzanja molunjika, kutsogolo ndi kumbuyo, osati mozungulira. Mzere wolunjika umaoneka pokhapokha kuwala kukachokera mbali imodzi, pamene wozungulira umagwira kuwala kochokera kulikonse. Musakanikize, kulemera kwa golovesi yonyowa n'kokwanira. M'munsi mwa zitseko, mabampala ndi kumbuyo kwa galimoto, kumene fumbi limaunjikana kwambiri pa magalimoto ngati Sienta, Probox ndi Noah, zikhale zomaliza, ndipo zitsukidwe ndi golovesi ina ya mtundu wosiyana. Samalani pa zilembo za dzina la galimoto, pa mawaipa ndi m'mphepete mwa zomata zotsatsa malonda, chifukwa tizingwe timakodwa n'kumatula. Mizati yakuda yonyezimira ya pakati pa magalasi a zitseko ndi yofewa kuposa penti, choncho idutseni kamodzi ndi golovesi yongotsukuluzidwa kumene.

Chimene chakana kuchoka mutadutsa kawiri si nkhani ya mphamvu. Chitosi cha mbalame kapena mileme, utomoni wa mitengo ndi tizilombo touma zimafewa mukaziphimba ndi nsalu yonyowa ndi sopo kwa mphindi 5, kenako n'kuzinyamula osati kuzikhula, chifukwa m'chitosi mumakhala timiyala ndi njere. Chitosi musachisiye chigone padzuwa, chimadya chikuto cha penti n'kusiya chipsera. Phula la msewu limasungunuka ndi mankhwala ake kapena parafini pang'ono pa kansalu, ndipo malowo atsukidwenso ndi sopo n'kupakidwa wakisi woteteza penti.

Sopo ndi madzi

Ntchito ya shampu wa galimoto si kutulutsa thovu lokha, ndi kuteretsa, kuti mchenga wotsala uzitsetsereka osati kukumba. Tsatirani muyeso wa pa botolo, umene kwa ambiri ndi mamililita 25 mpaka 50 m'malita 10. Ikani zala m'madzimo: ngati sizikuterera, onjezerani pang'ono. Sopo waufa wochapira zovala ndi woipa pa zifukwa zitatu. Timibulu tosasungunuka timakala penti, mphamvu yake imachotsa wakisi n'kuumitsa mphira ndi pulasitiki wakuda mpaka kutuwa, ndipo akauma amasiya mabanga oyera. Sopo wamadzi wotsukira mbale sakala, koma nayenso amafooketsa wakisi, choncho ndi wa tsiku limene mukufuna kupaka wakisi watsopano, osati wa mlungu uliwonse.

Madzi a mumtsinje kapena a pachitsime amabwera ndi mchenga wawo. Asiyeni adikhe, mutunge a pamwamba, kapena muwasefe ndi nsalu. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amaoneka oyera koma ali ndi mchere wosungunuka, ndipo m'madera ngati Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina ndi yamchere mpaka kumveka pakamwa. Madzi otere akaumira pa penti wotentha amasiya timadontho toyera tovuta kuchotsa, ndiye galimoto ipukutidwe isanaume yokha. Popukuta, lamulo ndi lomwe lija. Chamois, chikopa chofewa chopukutira galimoto, ndi yafulati, choncho kamchenga kotsalira kamakokedwa nayo. Thawulo lalikulu la microfibre, loyalidwa pa penti n'kukokedwa pang'onopang'ono, ndi lotetezeka kuposa apo.

Kusamala chotsukira

Microfibre ichapidwe payokha, osasakaniza ndi zovala za thonje, chifukwa imatola tiulusi tawo. Gwiritsani ntchito sopo wamadzi ndi madzi ofunda osapitirira madigiri 40. Mankhwala ofewetsa zovala amatseka timipata ta ulusi, golovesi n'kusiya kumwa madzi. Jiki amaumbudza ulusiwo. Kutentha kwambiri kumatha kuwononga ulusi wa microfibre, choncho osasita, osawiritsa, osayanika pa malata kapena pa boneti yotentha. Iyanikeni pa chingwe pamthunzi, ikauma muisunge m'pepala la pulasitiki kapena m'ndowa yachivindikiro, osati pansi pa buti pamodzi ndi jeke ndi tayala lapadera. Ya marimu isachapidwe pamodzi ndi ya penti.

Siponji imafuna kufinyidwa pansi pa madzi oyenda kangapo mpaka otuluka ayere, koma yogwera pa mchenga musaibwezerenso pa penti.

Ndiye mugule chiti

Kwa mwini galimoto wamba amene amayenda m'misewu ya fumbi, magolovesi awiri a chenille a mitundu yosiyana, ina ya pamwamba ina ya m'munsi, ndi siponji imodzi ya matayala ndi marimu, ndizo zoyenera. Golovesi imadula kuposa siponji, koma yosamalidwa bwino imatha miyezi yambiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wopolisha galimoto ndi makina. Kupolisha nakonso sikubwezera chilichonse pa penti. Kumachotsa ma micron angapo a chikuto kuti pamwamba pafanane ndi pansi pa mzere, ndipo chikutocho ndi chimene chimateteza mtundu ku dzuwa. Chikapyapyala kwambiri chimayamba kutuwa ndi kusendeka pa denga ndi pa boneti, pamenepo chotsala ndi kupenta.

Galimoto yakuda, ya buluu wakuda kapena yofiira imafuna chisamaliro choposa, ndipo penti wakuda wa magalimoto ambiri a ku Japan, monga Toyota ndi Honda, amadziwika pakati pa opolisha kuti ndi wofewa. Apa golovesi ya ubweya wothithikana kapena ya nkhosa, ndowa ziwiri ndi kuthira madzi mokwanira si zosankha. Penti wosawala dala, uja wa matte, kapena galimoto yokutidwa ndi pepala lomata, ndi yovutirapo, chifukwa ikakalika siipolishika. Pikapu yoyera ya kumunda imene imadutsa m'tchire tsiku lililonse ikhoza kutsukidwa ndi siponji yodulidwa nkhope popanda kudandaula kwenikweni, malinga matope ayambe achoka ndi madzi. Magalimoto ena oyera akale alibe n'komwe chikuto chowala, ndipo mumadziwa poona nsalu ya polishi ikuyera ndi penti. Amenewa amabisa timizere, koma sopo waufa amawatuwitsa msanga.

Kwa amene ali ndi bizinesi yotsuka magalimoto, nkhani ndi kuchuluka kwa zotsukira osati kudula kwake. Golovesi imodzi yodula yoyenda pa magalimoto onse a tsikulo imanyamula mchenga wa pikapu ya m'mawa kukauika pa galimoto yakuda ya masana. Magolovesi a chenille 6 kapena 8, osinthidwa pa galimoto iliyonse n'kuchapidwa madzulo, amateteza bwino kwambiri. Mitundu igawidwe kuti wantchito aliyense, ngakhale woyamba lero, adziwe kuti yachikasu ndi ya pamwamba, yobiriwira ndi ya m'munsi, siponji ndi ya matayala. Pakhalenso chingwe kapena mbedza yopachikapo, chifukwa chotsukira chimagwa kapena kuikidwa pansi nthawi imene wotsuka wagwira payipi. Ndipo ngati mumapereka galimoto yanu kwa otsuka, palibe cholakwika kunyamula golovesi ndi thawulo lanu, n'kuwapempha mwaulemu kuti ayambe athira madzi mokwanira.

Golovesi yatha ntchito pa penti ulusi wake ukayamba kumveka wokhakhala pa kuseri kwa dzanja, tizingwe tikamamatirana ngakhale yachapidwa, kapena nsalu ya pansi ikayamba kuonekera. Ya pamwamba itsikire m'munsi mwa zitseko, ya m'munsi ipite ku marimu, ndipo muidule pakona kapena muilembe ndi inki pa mkombero wa dzanja kuti isasokonezeke ndi yatsopano.